Mapiritsi amene ndinkabisa m'chitini cha mbewu za maungu

Linali Lachinayi lomaliza la mwezi wa Juni, nthawi ya 6 koloko m'mawa, pamene ndinatsegula chikwama cha amuna anga kuti ndichotsemo zovala zochapa. M'thumba la pambali ndinapezamo kapepala ka mankhwala kali kodzaza. Zimene ndinachita ndi kapepala kameneko m'mawa umenewo ndi zimene ndikufuna kukuuzani. Ndinalakwitsa, ndipo ndinabwereza kulakwitsako maulendo asanu. Lero amuna angawo ali kumanda. Inu owerenga, makamaka inu amene muli ndi wodwala mtima pakhomo, werengani mpaka kumapeto. Sukulu ndinalekera giredi 4, ndiye musayembekezere mawu okometsera. Ndingonena mmene zinayendera.

Ine ndimakhala ku Mnkhanya. Amuna anga, atate ake Tisa, anali dalaivala pa loji ina ya m'mbali mwa Luangwa, cha ku Chinzombo. Ntchito yawo inali yoyendetsa alendo m'paki kukaona nyama. Ankanyamuka nawo 6 koloko m'mawa n'kubwerera cha m'ma 10. Masana ankapuma, kenako n'kunyamukanso 4 koloko madzulo. Ankagona kukampu komweko masabata atatu, sabata yachinayi ankabwera kunyumba. Anagwira ntchitoyi zaka 19, ndipo ankanyadira kuti sanapondepo ngakhale nkhanga. Yunifomu yawo ankasita okha, ine sankandilola kuigwira.

Matenda anayamba mu Febuluwale, loji itatseka chifukwa cha mvula. Tinali kumunda tikupalira. Analima mizere iwiri n'kukhala pansi, akupuma ngati munthu wothamangitsidwa ndi njovu. Patapita sabata miyendo inatupa mpaka nsapato zinakana kulowa. Ku kiliniki yathu anatitumiza ku chipatala chachikulu cha kutauni. Kumeneko anawajambula pachifuwa n'kutiuza kuti mtima wakula ndipo watopa, sukupopa magazi mokwanira, n'chifukwa chake madzi akutsalira m'thupi. Anatipatsa mankhwala amitundu iwiri, ena othandiza mtima, ena timapiritsi ting'onoting'ono toyera tochotsa madzi. Anatiuza momveka kuti awa si mankhwala a malungo oti ukamwa masiku atatu watha. Awa ndi a moyo wonse.

Miyezi itatu yoyamba zonse zinayenda bwino chifukwa anali pakhomo. Ankamwa m'mawa uliwonse ine ndikuona. Piritsi la madzi lija limakodzetsa kwambiri, ndiye mpando wawo anauika pansi pa mtengo wa mango umene uli pafupi ndi chimbudzi. Ankadziseka okha kuti ofesi yawo yasamukira kumeneko. Miyendo inaphwa, nsapato zinalowa, ndipo mu Epulo ananyamula okha thumba la chimanga kuchokera kumunda.

Ndikufotokozereni mmene amachitira pa kiliniki yathu, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Odwala mtima ndi a BP ali ndi tsiku lawo, Lachinayi, pakatha masabata anayi alionse. Umayenera kubwera ndi timapepala tonse ta mankhwala, kaya mwatsala kanthu kaya mulibe. Asisita, anamwino a pa kiliniki, amakhuthulira zotsala pa kathireyi n'kuwerenga ndi kamtengo kosalala. Akatero amakufunsa kuti sabata yapitayi waiwala kangati, amakukweza pa sikelo, amakudina mwendo ndi chala, n'kulemba zonse pa khadi. Khadilo ndi limene adokotala amawerenga asanakulembere mankhwala ena. Ine ndinkaziona ngati mayeso a kusukulu, oti ena amakhoza ena amalephera.

Maganizo amenewa anakula mu Meyi. Tsiku limenelo patsogolo pathu panali mdala wina wa ku Malama. Asisita atawerenga mapiritsi ake anayamba kulankhula mokweza mpaka ife tonse a pa benchi tinamva kuti watsaza khumi ndi awiri. Anthu anayang'anizana, ena anaseka. Atate ake Tisa anandinong'oneza kuti iwo zimenezo sangazipirire, bambo wa zaka 52 kukalipiridwa ngati mwana wa giredi 1. Ndinadzamva patapita nthawi yaitali kuti mdala uja anali wovutika kumva, ndiye asisita ankangokweza mawu kuti amve. Koma tsiku limenelo ife tinatenga kuti akumuchititsa manyazi.

Kumapeto kwa Meyi loji inatsegulidwa. Abwana awo anawalandira, koma ananena kuti akufuna kumaona khadi la kuchipatala mwezi uliwonse, popeza munthu wonyamula alendo pakati pa nyama ayenera kukhala wolimba. Anapita, anagwira masabata awo, ndipo anabwera Lachitatu madzulo. M'mawa mwake ndi mmene ndinapeza kapepala kaja.

Ndinatuluka nako panja. Anali akupopa njinga kuti tizipita ku kiliniki. Ndinangowaonetsa. Anasiya pampu n'kunena kuti, "Amake Tisa, khalani pansi ndikuuzeni."

Tsiku loyamba la ntchito anamwa piritsi la madzi asananyamuke, monga mwa masiku onse. Asanafike n'komwe pa mlatho wolowera m'paki, mkodzo unawagwira. Ulendo umenewo anaimitsa galimoto katatu. Kachitatu panali njati pafupi, ndipo mayi wina wachizungu anawafunsa ngati akudwala. Pofika nthawi ya chakudya nkhani inali itafalikira kukampu konse, ndipo anzawo anawapatsa dzina lakuti a Pompi. Akamadutsa ankawafuulira kuti, "A Pompi, mwatseka bwino? Madzi akudula masiku ano!" Iwo ankaseka nawo, koma zinkawapweteka. Tsiku lachitatu abwana anawafunsa ngati ntchito akuikwanitsa. Kuyambira pamenepo piritsi la madzi analisiya, ankangomwa la mtima lokha.

Ndinawafunsa kuti bwanji sankamwa pobwerera kuchokera m'paki. Anandionetsa kapepalako. Panali chithunzi cha dzuwa likutuluka, ndipo pansi pake asisita analembapo 1. Anati mankhwala a m'mawa ndi a m'mawa, ukaphonya ndiye kuti tsikulo lapita, ukamwa masana akhoza kukuvulaza. Ine ndinavomereza chifukwa nanenso ndinkaganiza chimodzimodzi. Palibe mmodzi wa ife amene anaganiza zokafunsa.

Kenako anagoneka njinga pansi n'kunena kuti ku kiliniki sapita. Anati asisita akawerenga adzawafuulira pamaso pa anthu, adzalemba pa khadi kuti samwa mankhwala, abwana adzawerenga, ndipo zaka 19 zidzathera potsuka magalimoto. Ndinawanyengerera, anakana. Apa ndi pamene ndinalakwitsa, ndipo ndikufuna zimveke kuti nzeruyi inali yanga, sinali yawo. Ndinaganiza kuti kuli bwino apite akapimidwe kusiyana ndi kukhala pakhomo. Ndinati, "Atate ake Tisa, nanga ndikachotsako otsalawa, mupita?" Anawerama n'kudzutsa njinga.

Ndinalowa m'nyumba n'kukhuthulira mapiritsi onse m'manja. Ndinapita nawo kuchimbudzi kuti ndikataye, koma dzanja linakana. Mankhwala ndi ofunika, anthu ena amayenda mtunda wautali osawapeza. Ndinabwerera, ndinawamanga m'kapulasitiki, n'kuwaika pansi pa chitini chimene ndimasungiramo mbewu za maungu. Ndinadziuza kuti mvula ikagwa adzawamwa.

Tsiku limenelo tinatsala pang'ono kugwidwa. Asisita atagwedeza kapepala kopanda kanthu anakwinya nkhope. Anati anatipatsa 30 ndipo papita masiku 28, ndiye payenera kutsala awiri. Anafunsa ngati tsiku lina anamwa awiri nthawi imodzi. Amuna anga anayankha mwachangu kuti awiriwo anagwera mumchenga, ndipo mwina panopa nyerere za ku Chinzombo zikukodza kwambiri. Asisita anaseka mpaka kugwira pamimba. Anatifotokozera bwinobwino mmene mawerengedwe ake amayendera, kuti tisamasokonezeke. Iwo ankatithandiza, koma ine ndinali kuphunzira kunama bwino. Kuyambira Julayi ndinkasiya awiri m'kapepala kalikonse.

Inu owerenga, bodza loyamba ndi limene limalemera. Lachiwiri umalinyamula ngati mtolo wa udzu wouma. Mu Julayi sitinakambirane n'komwe. Anafika Lachitatu, anaika chikwama pa bedi, ine ndinadziwa chochita. Ku kiliniki asisita anawerenga, anapeza awiri, ndipo anaimirira n'kuuza anthu a pa benchi kuti atengere chitsanzo banja ili. Anati onani bambo awa, amagwira ntchito kutchire koma saphonya ngakhale tsiku limodzi. Anthu anatiyang'ana. Mayi wina anandifunsa kuti ndimawakumbutsa bwanji ali kutali. Ndinayankha kuti ndimawaimbira foni m'mawa uliwonse. Ndikuvomereza kuti kuyamikiridwako kunandikomera. Ine amene sindinayitanidwepo kutsogolo kusukulu ndinaona ngati ndakhoza mayeso.

Mu Ogasiti ndinapeza kuti ndi a mtima omwe ayamba kutsala. Anati kukatentha amawachititsa chizungulire, ndipo munthu wogwira chiwongolero sangayerekeze. Tsopano ndinkachotsa m'timapepala tonse tiwiri. Mwezi umenewo ndinaona kuti zingwe za nsapato ayamba kumanga momasula. Ankakhosomola, ndipo pogona ankafuna mapilo awiri, pambuyo pake anawonjezera bulangete lopinda. Masiku amene anali pakhomo ndinkawamwetsa, ndipo ankapezako bwino. Zimenezi zinkandinamiza. Ndinkaganiza kuti sabata imodzi ikukonza zimene masabata atatu awononga.

Mu Sepitembala sikelo inatiulula, koma ife tinakana kuululika. Anali atakwera ndi makilo 6. Asisita anawadina mwendo, ndipo dzenje la chala linatsala pomwepo osabwerera. Anayang'ana mapiritsi awiri pa kathireyi, anayang'ana mwendo, kenako anatilowetsa kwa adokotala a pa kiliniki, bambo wofatsa wolankhula pang'onopang'ono. Iwo anawamvetsera pachifuwa ndi pamsana nthawi yaitali. Anawafunsa ngati akumwa mankhwala, anati inde. Anawafunsa ngati akudya mchere wambiri, anati ayi. Kenako anawapempha kuti akadikire panja, n'kunditsalitsa ndekha.

Mawu amene anandiuza ndimawakumbukira onse. Anati, "Amayi, ine kunyumba kwanu sindifika, kukampu sindifika. Maso anga ndi kapepala aka ndi inu. Ngati pali masiku amene samwa, ndiuzeni. Sindikalipira munthu, ndikungofuna kudziwa chochita."

Pawindo ndinkawaona atate ake Tisa atakhala pa benchi, chipewa chili m'manja. Ndinaganiza za khadi, za abwana, za anthu amene anauzidwa kuti atengere chitsanzo chathu. Ndinaganizanso kuti mkazi saulula mwamuna wake kwa anthu, ndi mmene anatilangira polowa m'banja. Ndinayankha kuti, "Amamwa, adokotala. Saphonya."

Anapumira m'mwamba n'kunena kuti ngati akumwa onse koma madzi akuchulukabe, ndiye kuti mankhwala achepa mphamvu. Analemba kuti a madzi azimwa awiri m'malo mwa limodzi. Analembanso kalata yoti tipite kutauni akawajambulenso. Taonani zimene bodza langa linachita. Adokotala anayamba kulimbana ndi vuto limene kunalibe, vuto lenileni lili m'chitini kunyumba kwanga. Munthu amene ankalephera kumwa piritsi limodzi anapatsidwa awiri.

Pobwerera sanathe kundikweza pa njinga. Tinayenda pansi, iwo akukankha, akuima pamthunzi uliwonse. Pamenepo mantha anandigwira. Ndinawauza kuti tibwerere tikanene zoona. Anati kwatsala masabata ochepa kuti alendo athe, ndipo ino ndi nthawi imene loji imadzaza, sangasiye anzawo. Za kutauni anati tidzapita mu Novembala. Anandigwira paphewa n'kunena kuti, "Amake Tisa, mvula ikangogwa ndibwerera ku ofesi yanga ya pansi pa mango. Ndidzamwa onse, ndi a m'chitini mwanu omwe." Ndinaseka. Ndikanatha kubwerera ndekha mawa lake, kiliniki si patali. Sindinapite.

Mu Okutobala ndinachotsanso, ndipo ulendo umenewu anali ambiri moti kapulasitiki kanakana kumangika. Adokotala anafunsa za kalata ija, tinati tikukonzekera. Anatichenjeza kuti tisapitirire sabata. Amuna anga anabwerera kukampu Lolemba.

Patapita masiku asanu ndi atatu, cha m'ma 11 koloko m'mawa, ndinali pa chitsime pamene galimoto ya ku loji inaima pafupi nane. Woyendetsa anali a Sakala, mnzawo wa ntchito amene ankagona nawo chipinda chimodzi. Anandiuza kuti ndisiye ndowa ndikwere. M'njira anandifotokozera kuti atate ake Tisa anamaliza ulendo wa m'mawa, anafikitsa alendo, anazimitsa injini, koma analephera kutsika, ndipo iwo anawathamangitsira ku kiliniki. Ndinawapeza pa kiliniki atakhala tsonga, akupuma ngati munthu amene akumira, thovu lili pakamwa. Anandiona, koma mawu sanatuluke. Ambulansi inatitengera ku chipatala chachikulu, ndipo akulu awo, alamu anga, anatitsatira.

Kumeneko dokotala wina wamkazi anatenga khadi n'kuliwerenga. Anandifunsa ngati mankhwala onsewa amamwadi. Alamu anali ataima pambali panga. Inu owerenga, ngakhale pamenepo, munthu akuvutika pamaso panga, ndinagwedeza mutu kuvomera. Dokotala anati ngati zili choncho ndiye kuti mtima wafooka kwambiri, koma ayesetsa. Anayesetsadi. Anawabaya jakisoni, anawaika mpweya, ndipo tsiku loyamba anaoneka ngati akupezako bwino. Tsiku lachiwiri, nthawi ya 3 koloko masana, anatisiya.

Ndinkaganiza kuti bodza langa lakwiriridwa nawo limodzi. Sizinatero. M'mawa wotsatira tsiku la kumanda abale anakhala pabwalo kukambirana za pakhomo. Alamu anatulutsa khadi lija m'thumba la jekete n'kuliimika kuti onse aone. Anati m'bale wawo sanaphonyepo mankhwala ngakhale tsiku limodzi, zalembedwa apa, ndipo asisita ankamutchula ngati chitsanzo. Anafunsa kuti munthu wotere angafe bwanji. Anati matenda a kuchipatala amamva mankhwala a kuchipatala, ndiye awa sanali matenda wamba, pali dzanja la munthu. Wina anafunsa kuti galimoto imene malemu ankayendetsa yapatsidwa kwa ndani. Yankho linali lakuti kwa a Sakala. Wina anakumbutsa kuti a Sakala ndi amene ankagona nawo chipinda chimodzi, ndipo ankadya mbale imodzi. Nkhani inakula msanga ngati moto wa mu Okutobala. Anayamba kupangana zokaitana sing'anga, ndipo achinyamata ena ankanena zopita kunyumba kwa a Sakala tsiku lomwelo.

A Sakala anali pomwepo, kuseri kwa nyumba, akutsitsa nkhuni zimene anabweretsera maliro. Ndi iwo amene anawanyamula amuna anga kuwatsitsa m'galimoto. Ali ndi ana asanu, ndipo kwathu kuno munthu akangotchulidwa kuti ndi mfiti, ana ake omwe sakhalanso pamtendere.

Ndinadzuka pa mphasa pamene amayi anandikhazika. Ndinalowa m'nyumba, ndinatenga chitini ndi lichero. Ndinagwada pakati pa bwalo n'kukhuthula. Mbewu za maungu zinagwa poyamba, kenako timapulasitiki tisanu. Ndinamasula kamodzikamodzi mpaka lichero linayera. Ndinati, "Alamu, mankhwala amene khadi likunena kuti anamwa ndi awa. Dzanja limene mukulifuna ndi langa." Ndinafotokoza zonse kuyambira Lachinayi lija la mu Juni.

Kenako mlongo wamng'ono wa malemu anakuwa kuti ndawaphera m'bale wawo, ndipo anafuna kundimenya, amayi a mpingo anamugwira. Alamu anapinda khadi n'kulibwezera m'thumba. A Sakala atamva anabwera, anayang'ana lichero, n'kukhala pansi pafumbi. Anati, "Ndine ndinayambitsa dzina la a Pompi. Ndinkangocheza." A Sakala, bambo wamkulu, analira ngati mwana. Za sing'anga zinathera pomwepo. Mlamu wanga wamkazi uja mpaka lero tikakumana pa chigayo amayang'ana kumbali, ndipo sindimuimba mlandu. Mwana wanga Tisa anakhala mwezi wathunthu akungondiyankha ndi mutu.

Patatha masabata awiri ndinanyamula mapiritsi aja kupita nawo ku kiliniki. Linali tsiku wamba, pa benchi panalibe anthu ambiri. Ndinawaika pa tebulo la asisita n'kuwauza chimene anali. Ndinkayembekezera kufuuliridwa, ndipo ndinali wokonzeka. Iwo anakhuthulira pa kathireyi n'kuyamba kuwerenga mwachizolowezi. Atafika pa 100 anaika kamtengo pansi, mulu udakalipo. Anandifunsa chifukwa chake, ndipo ndinawauza za njati, za a Pompi, ndi za chithunzi cha dzuwa. Kenako anapita kukaitana adokotala.

Adokotala anandifunsa kuti ulendo wa m'mawa unkatha nthawi yanji. Ndinati 10 koloko. Anafunsa kuti wa madzulo unkayamba nthawi yanji. Ndinati 4 koloko. Anavula magalasi n'kundiuza kuti piritsi la madzi limagwira mwamphamvu maola ochepa okha. Akanadziwa, akanawauza kuti azimwa akangotsika m'galimoto 10 koloko, ndipo pofika madzulo zambiri zikanakhala zitatha. Anati amalemba m'mawa pofuna kuti munthu asamadzukedzuke pogona, si kuti masana ndi poizoni. Za chizungulire anati akanayeza BP n'kuona ngati pakufunika kuchepetsa kapena kusintha. Za khadi anati akanalemba kuti nthawi yomwera yasinthidwa, basi, ndipo palibe bwana amene akanachotsa munthu ntchito pa chifukwa chimenecho.

Ndinawafunsa ngati ndinawapha. Sanandinamize. Anati mtima wawo unali wodwala ndithu, ndipo sangalonjeze kuti akanakhala zaka zingati. Anatinso tsiku la ku chipatala chachikulu mwina zinali zitachedwa kale. Koma mu Juni, mu Julayi, ngakhale mu Sepitembala muja, panali zambiri zoti n'kuchita. Asisita nawo anati kuyambira tsiku limenelo asiya kuyamikira munthu pamaso pa anzake chifukwa cha mapiritsi awiri, popeza aona kuti kuyamikira kumatsekanso anthu pakamwa.

Ndinabwerera kunyumba ndikuwerenga maola pa zala. Kuchokera 10 koloko kufika 4 koloko ndi maola 6. Anali nawo tsiku lililonse, ankagona pamthunzi kukampu, chimbudzi chili pafupi. Chimene chinasowa ndi munthu mmodzi woti atsegule pakamwa.

Inu owerenga, ndikupempheni zinthu zochepa. Akamawerenga mapiritsi ku chipatala si mayeso ayi. Palibe amene amakhoza, palibe amene amalephera. Iwo akufuna kudziwa chimene chalowa m'thupi la wodwala, chifukwa pamenepo ndi pamene amaonera ngati mankhwala akugwira kapena ayi. Mukachotsako, mwawamanga nsalu kumaso, ndipo adzalemba mankhwala a munthu amene kulibe. Pitani ndi kapepala mmene kalili. Ngati mwatsala 20, aone 20.

Ndipo musangonena kuti wodwala samwa, nenani chifukwa chake, ngakhale chikhale chochititsa manyazi. Kaya akukodza pafupipafupi, kaya akumva chizungulire, kaya mphamvu za m'nyumba zachepa, kaya ntchito yake siyimulola, nenani. Zimene ife timaziona ngati phiri, iwo mwina anazimvapo kambirimbiri ndipo ali ndi njira yake. Koma musasinthe nthawi kapena kuchuluka kwa mankhwala panokha chifukwa choti mwawerenga nkhani yanga. Matupi amasiyana. Kafunseni.

Kwa amayi anzanga ndikuti, tinalangizidwa kusunga chinsinsi cha m'nyumba, ndipo ndi malangizo abwino pa zinthu zambiri. Koma chipinda cha adokotala si pa chitsime. Ine ndinasunga ulemu wa amuna anga miyezi isanu, ndipo ulemuwo anapita nawo kumanda uli wonse. Ndikanakonda akanandikwiyira chaka chathunthu, ali moyo pansi pa mango paja. Kwa abambo ogwira ntchito limodzi ndikuti, mnzanu akayamba kuchita zachilendo, mufunseni kaye musanamupatse dzina. A Sakala angakuuzeni okha.

Chaka chatha nanenso anandipeza ndi BP, ndipo tsopano ndili ndi khadi langa. Lachinayi la odwala mtima ndimalawirira, ndimakhala pa benchi, ndipo ndikaona munthu watsopano akufinya kapepala kake m'manja ndimamuyandikira n'kumuuza nkhaniyi. Ena amamvetsera, ena amasuntha. Mwezi wathawu ndinali ku maliro masiku angapo ndipo ndinaiwala kunyamula mankhwala, ndiye m'kapepala mwanga munatsala 7 m'malo mwa awiri. Ndinapita nawo onse 7, ndinawaika pa kathireyi, ndipo ndinanena chifukwa chake. M'chitini chija ndimasungiramo mbewu za maungu zokha.